Mfundo Yachisanu ndi Chinayi

Ine ndine mlembi wa zokambirana.
Ndimakhala kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino
pomwe nkhungu ya Mzuzu imalowera osaodira.
Ntchito yanga ndi kutchera khutu, pakamwa pali chitsekere.

Lachinayi lija nkhani ya msewu wa ku Chibavi
inali mfundo yachisanu ndi chinayi,
kumbuyo kwa zimbudzi za mumsika
ndi matayala a galimoto yotola zinyalala.
Pofika pamenepo tiyi anali atazizira,
ena atayamba kuba maso pa wotchi.

Khansala Nyirongo anaimirira ndi kalata ya anthu,
mayina makumi asanu ndi limodzi, ena odinda ndi chala.
Akupempha mahampu atatu, anatero,
ndi chikwangwani choti liwiro lisapose makumi atatu.
Injiniya anavula magalasi, napukuta, navalanso:
bajeti ya chaka chino inapita ndi milatho ya dzinja.
Wina anati ambulansi izidzachedwa.
Wina anati galimoto yake ndi yaifupi, idzakhula mimba.
Anaseka.
Kuseka sindilemba.

Ndinalemba mzere umodzi:
Nkhaniyi yatumizidwa ku komiti yoona zomangamanga.

Koma msewu umenewo ndi wakwathu.
Phulalo tinalipempha tokha, zaka zambiri tikumeza fumbi,
ndipo tsiku lomwe analithira amayi anaimba nthungululu.
Sitinadziwe kuti maenje aja ndiwo ankatilerera ana,
kuti matope ankagwira madalaivala mwendo.
Lero njinga zamoto zimadutsa ngati zaba kanthu,
minibasi yozemba apolisi imadulira pakhomo pathu
kondakitala ali lende pachitseko.

Lusubilo, mwana wa Nyakaonga wogulitsa makala,
anangotumidwa mchere kutsidya.
Sanafe. Ndine mlembi, ndinene zoona: sanafe.
Amakoka mwendo wamanzere,
ndipo akamva hutala amagwira chilichonse chili pafupi,
mpanda, mtengo, chitenje cha munthu wosamudziwa.
Silipasi yake inakhala m'ngalande sabata yathunthu.
Aliyense ankaiona.

Loweruka anthu anatuluka ndi makasu.
Anaunjika katondo ndi zibenthu za njerwa,
mtumbira wopingasa msewu
ngati akufuna kubzala mbatata pa phula.
Ine ndinaima patali, manja m'matumba,
poti wodya za khonsolo sagwira khasu lotere dzuwa likuswa mtengo.
Usiku ndinabwereka wilibala kwa Mwenifumbo
ndi kuthirapo maulendo awiri.

Lolemba pepala linafika pa desiki langa kuti nditayipe:
Chotsani zotchinga zosaloledwa
pasanathe masiku asanu ndi awiri.
Ndinatayipa.
Zala sizinanjenjemere, ndi zala zozolowera,
ngakhale m'zikhadabo munali mudakali dothi lofiira.
Chidindo ndinamenya ndine.

Akuti komiti ikumana mwezi wa mawa,
ngati mamembala atakwane.
Mwina adzavomera hampu imodzi pafupi ndi sukulu.
Mwina chikwangwani chokha,
chimene wina adzazule usiku kukakhomera mbaula.
Ine ndidzakhalapo ndi cholembera,
ndidzalemba amene wapereka ganizo ndi amene wavomereza,
dzina la Lusubilo lilibe mzere wake pa fomu.

Mtumbira wathu palibe waugumula.
Mvula yowaza ija, yosadziwa kuleka,
ikuugwirira ntchito khonsolo pang'onopang'ono,
madzi ofiira akutsikira m'ngalande.

M'mawa uliwonse ndimawolotsa Tumpale wanga.
Timaima, timayang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso,
nkhungu ikubisa zonse kupatula phokoso.
Pakati pa msewu amandiuza,
adadi, mukundipweteka dzanja.
Ndimamva.
Sindimasula mpaka kutsidya.